Laisensi ya Anamapoto

Pangodya pamene msewu wochokera ku depoti ya basi umakumana ndi wopita kuchipatala panali nyumba yodyeramo ya matebulo asanu ndi anayi. Mwini wake anthu ankangowatchula kuti Anamapoto, chifukwa kwa zaka khumi ndi ziwiri palibe amene anawaonapo atapinda manja. Ngati sakukwecha poto uyu, ndiye kuti akuvundukula winayo. Madalaivala, anamwino ndi amakaniko ndiwo ankadya pamenepo, ndipo ankanena kuti supu wa Anamapoto akhoza kudzutsa ndi munthu wokomoka yemwe.

Nyumbayo inali ndi khomo lalikulu kumaso, khitchini kumbuyo, ndi kakhomo kena kotulukira kuseri komwe kanatsekeka ndi makreti ndi matumba a makala. Khoma lakumanzere linali logundana ndi nyumba ya aphunzitsi ena opuma pantchito, mayi ofatsa amene ankasamalira amuna awo odwala.

Anamapoto sanali munthu wamantha. Ankatha kudzudzula dalaivala wamwano mpaka iye kuvula chipewa n'kupepesa. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkawaziziritsa nkhongono: ofesi. Chaka chimene amuna awo anamwalira anapita kukasinthitsa dzina pa mapepala a nyumbayo, ndipo anasaina pamzere wolakwika. Kalaliki wake anakweza pepalalo m'mwamba, anthu ali pamzere mpaka kunja, n'kufunsa kuti, “Kodi mayi, kusukulu munkapita kukasesa?” Anthu anaseka. Kuwerenga Anamapoto ankatha, koma pang'onopang'ono, chala chikutsogolera maso. Kuyambira tsiku limenelo analumbira chamumtima kuti phazi lawo silidzapondanso pakhomo pa ofesi.

Malonda ankayenda, koma odya ankadandaula. Anamwino ogwira ntchito yausiku ankati pofika seveni koloko apeza chitseko chotseka. Madalaivala ankati munthu ukadya nyama yokazinga kukhosi kumafuna kotsitsira, ndiye ankadya mofulumira n'kuwolokera kutsidya kwa msewu. Ndipo panali bambo wina woimba gitala, wodya pamenepo tsiku lililonse, amene ankangoti, “Mayi, mutangondipatsa kangodya ako Loweruka lokha, matebulo awa angachepe.”

Madzi akagwa pamwala tsiku ndi tsiku amasiya chibowo. Anamapoto anaganiza zopempha zinthu zitatu ku khonsolo: kugulitsa mowa, kutseka pakati pa usiku, ndi kukhala ndi oimba kumapeto kwa mlungu.

Apa ndi pamene analowerapo alamu awo, mng'ono wa malemu amuna awo. Bamboyu anagwira ntchito ya umesenjala m'maofesi kwa zaka makumi atatu, ndipo ngakhale anapuma, sankayenda wopanda tayi ndi chikwama chakuda cham'manja. N'chifukwa chake aliyense ankawatchula kuti a Chikwama. Zimene zinali m'chikwamamo palibe ankazidziwa. Ena ankati muli nyuzipepala yakale ndi chipeso basi. Koma pakamwa pokha Mulungu anawapatsa mosaumira.

“Maofesi amenewo ndi kwathu, alamu,” anatero a Chikwama. “Ndimadziwa ndi chitseko chimene chimalira potsegula. Inu zingophikani.”

Analembadi mafomu aja, ndipo anamata chidziwitso pachitseko monga lamulo limanenera, kuti oyandikana nawo amene ali ndi chodandaula anene pasanathe milungu inayi. Milunguyo itatha kunabwera kalata. Mwana wamkazi wa Anamapoto, amene anali namwino pachipatala chomwe chija, ndiye anaiwerenga ataima pakhomo la khitchini.

“Amayi, akuti pali munthu wina wadandaula, ndiye mwini malo akaonekere ku komiti ya malaisensi Lachinayi. Ndipempha tchuthi, tipitire limodzi.”

“Ndisiye mapoto pamoto ndikakhale pabenchi tsiku lonse?”

“Ndi m'mawa wokha, amayi. Malo ndi anu, dzina ndi lanu. Akakufunsani zinthu zoti muyankhe nokha.”

“Abambo ako aang'ono alipo. Akandimverera, adzandiuza.”

Namwinoyo anawayang'ana amayi ake. Ankadziwa chimene chinkawaletsa, koma ankadziwanso kuti kuchitchula kunali kukanda pachilonda. Anapinda kalata ija n'kuisiya pashelefu.

Lachinayi masana a Chikwama anabwerako akuyenda ngati munthu wochokera kunkhondo atapambana. Anakhala patebulo lapakati, anamasula tayi pang'ono, n'kuitanitsa tiyi wamkaka. Kenako anayamba kufotokoza: kutalika kwa tebulo, maonekedwe a wapampando, bwana wawo wakale amene anakumana naye pakhonde n'kuwakumbatira anthu akuona.

“Nanga zimene tinapempha zija?” anafunsa Anamapoto, akupukuta manja pa epuloni.

“Zatheka, alamu. Atipatsa.”

“Zonse zitatu?”

“Ine ndikapita kwinakwake ndimabwerako chimanjamanja?”

“Nanga wodandaulayo ndani?”

A Chikwama anauzira tiyi wawo. “Nsanje chabe. Munthu ukamakwera, ena amagwira mwendo. Zisakusowetseni tulo.”

Patatha mlungu envelopu inafika, muli mapepala atatu. Loyamba linali lokongola, lachidindo chofiira, dzina la Anamapoto lili m'zilembo zikuluzikulu. Awiri enawo anali odzaza ndi timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere zofola. A Chikwama anagula fulemu yagalasi, anaika loyamba lija kumaso, awiri aja anawapinda n'kuwalowetsa kuseri kwake.

“Awa ndi malamulo wamba, amalembera aliyense,” anatero pokhoma msomali pamwamba pa kauntala.

Namwino uja atabwera madzulo anafuna kutsitsa fulemuyo kuti awerenge. Amayi ake anamugwira dzanja.

“Ukufuna abambo ako aang'ono aziti sitikuwakhulupirira? Munthu wathera nsapato chifukwa cha ife. Zisiye.”

Zinthu zinayamba bwino, ndipo kukoma kwake ndi kumene kunatseka maso. Anamapoto anagula firiji yachiwiri ndi mipando ina khumi. Analemba ntchito amayi awiri, wina wothandiza kukhitchini, wina woperekera. Wagitala uja anabwera ndi anzake atatu, wang'oma, wa gitala yaikulu ndi mayi woimba, ndipo anaimika masipika awo pakhoma lakumanzere poti ndi pamene panali soketi yamagetsi. Loweruka loyamba anthu anadzaza. Lachiwiri ena anamwera chiimire pakauntala, ena anagula mabotolo n'kutuluka nawo.

Chimodzi chokha chinasintha chimene Anamapoto anachiona. Aphunzitsi aja, amene kale ankapereka moni pampanda m'mawa uliwonse, tsopano ankangogwedeza mutu n'kulowa m'nyumba. Anamapoto anakumbukira mawu a alamu awo. “Kani wansanje uja ndi ameneyu,” anaganiza motero, nawonso n'kuyamba kuyang'ana kumbali.

Kenako kunabwera mkulu wa madalaivala a ku depoti, bambo amene anadya pamalopo kuyambira tsiku limene anatsegula. Ankapuma pantchito atayendetsa basi zaka makumi anayi osagundapo ngakhale nkhuku, ndipo anzake ankafuna kumuchitira phwando lotsanzikana.

“Ena amati tipite kuhotela,” anatero bamboyo. “Ine ndakana. Ndati kumene ndadya moyo wanga wonse ndi komwe ndikatsanzikire.”

Mawuwo anawakhudza Anamapoto. Anaphika kwa masiku awiri. Loweruka lake pofika folo koloko masana munali anthu oposa makumi asanu ndi atatu, akazi atatchena, amuna atavala majekete. Matebulo anawakankhira kukhoma, oimba anayamba, ndipo a Chikwama, amene anadzisankha okha kukhala woyendetsa mwambo, ankazungulira ndi maikolofoni m'manja.

Dzuwa lisanalowe, pakhomo panaima bambo wina wa shati yoyera, atapanira faelo m'khwapa. Sanakuwe, sanakankhe munthu. Anadikira mpaka nyimbo inatha, kenako anapita pakauntala n'kuonetsa chitupa chake. Anali woyendera malo amalonda wochokera ku khonsolo.

“Ndimafuna ndione laisensi yanu, mayi.”

Anamapoto analoza fulemu ija monyadira. Bamboyo anaiyang'ana.

“Ili ndi tsamba loyamba. Ena awiri ali kuti?”

Anatsitsa fulemuyo, anapinda timisomali takuseri, mapepala aja n'kugwera pakauntala, opindidwa monga momwe a Chikwama anawaikira. Woyenderayo anayang'ana khamu la anthu, anayang'ananso nkhope ya Anamapoto, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Tilowe kukhitchini, tisayankhulire pagulu.”

M'menemo, pakati pa mapoto otentha, anawawerengera pang'onopang'ono. Mowa unaloledwa, koma kwa okhawo amene akhala patebulo n'kumadya. Womwera chiimire kapena kutuluka nawo ayi. Nthawi yotseka inali teni koloko, osati pakati pa usiku. Anthu m'nyumbamo asapitirire makumi anayi. Khomo lakuseri lichotsedwe katundu yense kuti moto utabuka anthu akhale ndi pothawira. Apa bamboyo anatembenuka n'kuyang'ana makreti ndi matumba a makala aja.

“Nanga za oimba?” anafunsa Anamapoto.

“Za oimba sizinaloledwe. Palembedwa kuti pempho limenelo laimitsidwa kufikira mwini malo atakambirana ndi woyandikana naye, ndipo wokuimirirani anavomera. Siginecha yake nayi.”

Anamapoto anatuma woperekera uja kuti akaitane alamu awo. A Chikwama analowa akumwetulira, maikolofoni ikadali m'manja, koma ataona mapepalawo kumwetulira kuja kunazima ngati kandulo pamphepo.

“Alamu, dzanja ili ndi lanu?”

“Ndi langa.”

“Munamva zimene ananena?”

A Chikwama anayang'ana pansi. “Pamene ankayamba kuwerenga zimenezo, m'pamene ndinaona bwana wanga wakale akudutsa pakhonde. Ndinati ndingomupatsa moni. Tinachedwa pang'ono. Pobwerera ndinapeza wapampando akufunsa kuti, ‘Mwamva zonse, ndipo mukuvomera?’ Anthu onse maso pa ine, alamu. Ndikanati bwanji ndinali panja? Ndinangoti inde. Mawu amene ndinawamva bwino ndi akuti laisensi yaperekedwa.”

Anamapoto anafuna kukalipa, koma anadziletsa. Manyazi amene anawatsekera alamu awo pakamwa tsiku limenelo ankawadziwa bwino. Ndi omwewo amene anawasiya iwo kukhitchini.

“Sindingalole kuti izi zipitirire,” anatero woyenderayo. “Anthu achuluka kawiri, ndipo khomo ndi limodzi. Kodi ndiwauze ine, kapena muwauza nokha?”

“Ndi alendo anga. Ndiwauza ndekha.”

Anavula epuloni, anatuluka, n'kuima pakati pa anthu. Sanagwiritse ntchito maikolofoni. Ananena kuti phwando lathera pomwepo, kuti cholakwa si cha khonsolo kapena cha oimba koma chawo, ndipo anapempha kuti chakudya chinyamulidwe. Mkulu wa madalaivala uja anaimirira, anavala chipewa chake, n'kuuza anzake kuti akamalizire kushedi ya ku depoti. Amuna ananyamula mapoto awiriawiri, akazi ananyamula mbale, oimba anakulunga mawaya awo. Potuluka, bamboyo anawagwira dzanja Anamapoto n'kunena kuti, “Zimachitika, mayi.” Bamboyo akanakalipa zikanapepukako.

Lolemba kunabwera kalata yoti laisensi yaimitsidwa kufikira komiti itakumananso pakatha milungu itatu, ndi kuti ngakhale chilolezo chakale chogulitsa chakudya chidzaunikidwanso. Amayi awiri aja anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Wakukhitchini uja, amene anasiya ntchito kwina kuti abwere kumeneko, anangopinda epuloni yake bwinobwino n'kuisiya pampando.

Lamlungu lotsatira masana, malo ali otseka, Anamapoto anakhala patebulo lapafupi ndi zenera, mapepala awiri aja ndi kapu ya tiyi zili patsogolo pawo. Mwana wawo anakhala pambali.

“Ndikuwerengereni, amayi?”

“Ayi. Ukhale pomwepo. Ndikakakamira undithandize.”

Chala chinayenda mzere ndi mzere. Anakakamira malo anayi okha. Atafika kumapeto anakweza mutu n'kufunsa kuti, “Basi? Zonse ndi zimenezi?”

“Ndi zimenezo.”

“Tiyi sanazizire n'komwe,” anatero Anamapoto.

Tsiku la komiti anavala diresi yawo yabuluu n'kupita ndi mwana wawo. Anakwera masitepe monyinyirika. Koma chipinda chimene anachiopa zaka zonsezi chinali chipinda wamba: mipando yapulasitiki, fani yolira kudenga, ndi anthu atatu kuseri kwa tebulo. Wapampando anali mayi wachikulire wa chimfine, amene ankangopukuta mphuno ndi kampango.

“Ndinu mwini malo? Takulandirani. Muyankhule momasuka, mmene mumayankhulira kunyumba. Pamene simunamve, mutiimitse.”

Woyendera uja anafotokoza zimene anapeza, osawonjezera, osachotsera. Kenako anaitana wodandaula. Aphunzitsi aja anaimirira, atagwira kachikwama kawo ndi manja awiri.

“Ine sindinakane kuti anzangawa azigulitsa mowa kapena chakudya,” anatero. “Takhala moyandikana zaka khumi ndi ziwiri osayambanapo. Koma amuna anga anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo bedi lawo lili pakhoma lomwelo, poti chipinda china chilibe zenera. Ng'oma ikalira, kapu yamadzi imayenda yokha patebulo. Iwo sangathe kunena kuti zikundipweteka, amangondiyang'ana. Ulendo woyamba ndinabwera kuno kudzapempha zinthu ziwiri zokha: masipika aikidwe kukhoma linalo, ndipo nyimbo zizitha eiti koloko. Apampando anati tikakambirane. Ndinadikira kuti mwina amayiwa agogoda pakhomo panga. Ndinadikira milungu isanu.”

Anamapoto anaiwala kuti ali mu ofesi. Anatembenuka n'kufunsa kuti, “Nanga bwanji simunabwere kudzandiuza, aphunzitsi? Si mpanda wokha uli pakati pathu?”

“Ndinawauza alamu anu kawiri pageti. Anati akuuzani. Nditaona kuti mwasiya kundiyang'ana, ndinati yankho lanu ndi limenelo.”

Fani inapitiriza kulira kudenga. Anamapoto anaona nkhope ya bambo wodwalayo m'maganizo mwawo, munthu amene kale ankawathandiza kukonza loko wa chitseko, atagona chete khoma likunjenjemera kumutu kwake Loweruka lililonse, iwo ali kuseri kwake akusekerera kuti malonda akuyenda.

Wapampando atawafunsa ngati ali ndi chonena, sanatchule alamu awo.

“Munandiitana, ine sindinabwere. Munandilembera, ine sindinawerenge. Chimene ndingapemphe n'chakuti musanditsekere chakudya, chifukwa ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa. Kwa aphunzitsi ndipepesa kunyumba, pano mawu ake sangakwane.”

Atatu aja ananong'onezana kwa kanthawi. Chigamulo chinali chakuti chakudya apitirize kugulitsa mpaka teni koloko, malinga khomo lakuseri likatsegulidwa n'kuonedwa. Mowa unaimitsidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Za oimba, asapemphenso kufikira chaka chitatha.

Wapampando anatseka faelo, anapukuta mphuno, n'kuwonjezera kuti, “Ndikuuzeni zoona, mayi. Tsiku lija tinali okonzeka kukupatsani zonse zitatu. Tinkangofuna mwini wake anene kuti masipika ndisuntha. Wokuimirirani anali panja, ndipo atabwera sitikanamufunsa zosuntha katundu wa eni.”

Mawa lake makreti ndi makala zinachoka, kakhomo kaja kanatseguka koyamba m'zaka zambiri, mphepo n'kulowa kukhitchini. Mwa amayi awiri aja, Anamapoto anatha kubwezera pantchito mmodzi yekha. Firiji yachiwiri inakhala yosunga madzi ndi masamba. Wagitala uja anapeza malo kutsidya kwa msewu, ndipo Loweruka madzulo nyimbo zake zinkamveka chapatali, odya ena n'kumadya mofulumira kuti awolokere komweko. Kwa aphunzitsi anapitako, anakhala pampando wapafupi ndi bedi la wodwalayo, ndipo zimene anakambirana kumeneko sanauze munthu. Moni wapampanda unabwerera, ngakhale unatenga nthawi kuti ufunde.

A Chikwama anasowa mwezi wathunthu. Tsiku lina m'mawa anatulukira, tayi ili pakhosi, n'kukhala patebulo lakumapeto. Anamapoto anawabweretsera tiyi wamkaka osadikira kuti aitanitse. Atamwa theka, mphamvu zinabwerera.

“Alamu, ndaganiza. Chigamulo chija tikhoza kuchita apilo. Pali mnzanga wina ku ofesi yaikulu, Lachiwiri ndikhoza kupita kukamva mmene…”

“Imwani tiyi, alamu, angazizire,” anatero Anamapoto, akupukuta tebulo loyandikana nalo. “Miyezi isanu ndi umodzi si zaka. Ikakwana ndidzapita ndekha. Miyendo ndili nayo, makutu ndili nawo.”

A Chikwama anayang'ana m'kapu mwawo, n'kumwa.

Munthu akhoza kukunyamulira katundu, akhoza kukuphikira, akhoza kukulondera pakhomo. Koma nkhani imene ili ndi dzina lako imafuna khutu lako, pakuti wotumidwa amamva zimene zamukomera iye, n'kubwera nazo atazikometsera. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati kandimverere anakanena za m'maluwa.